Vanishi ndi thinazi m'chipinda chotseka mawindo

Bambo wina wa ku Zomba watilembera pa imelo kuti: "Ndikufuna kupakanso vanishi zitseko, kabati ndi tebulo m'nyumba. Kunjaku kuli fumbi, ndiye ndimati nditseke mawindo kuti lisamatirire pa vanishi. Fodya sindisuta. Pali vuto?"

Vuto lilipo, bambo, ndipo lagona pa mawindo omwewo. Chimene chimayaka si madzi ali m'chitiniwo ayi, koma mpweya umene amatulutsa akamauma. Thinazi wa lacquer, wosungunulira vanishi wina, amakhala ndi mankhwala otchedwa toluene ndi acetone. Toluene amatulutsa mpweya wotha kugwira moto kuyambira pa madigiri 4, acetone pa madigiri 20 pansi pa ziro. Ndiye kuti ngakhale m'mawa wa Juni, mukangotsegula chitini mpweyawo wayamba kale kutuluka. Petulo, amene ena amasungunulira penti pofuna kupulumutsa ndalama, ndiye woopsa kuposa onsewa. Musamuyerekeze n'komwe.

Tawerengani nafe. Lita imodzi ya toluene ikauma yonse imasanduka mpweya wokwana malita pafupifupi 230, ndipo gawo limodzi lokha pa magawo 100 a mpweya wa m'chipinda likakhala toluene, kwatsala pang'ono kuti kuphulike. Choncho lita imodziyo ikhoza kuika pangozi pafupifupi chipinda chonse cha mamita 3 m'litali ndi 3 m'lifupi. Komanso mpweyawu ndi wolemera katatu kuposa umene timapuma. Sukwera kudenga. Umayenda chapansi, kudutsa kunsi kwa chitseko, n'kukafika kukhitchini kumene mayi akoleza mbaula, moto n'kubwerera nawo mpaka pa chitini.

Ndudu si yokhayo yoyatsa. Kandulo, nyali ya palafini, mankhwala a udzudzu ofukiza aja, hotipuleti, zonsezi n'zodziwikiratu. Zimene anthu amaiwala ndi swichi ya pakhoma, filiji imene imadzilizitsa yokha, ndi makina a sandipepa. Magetsi akathima muli mkati mwa ntchito, musadalire kuti zonse zazima: akabwera, chilichonse chimene chinali choyatsa chimadzuka nthawi imodzi.

Chitani chonchi. Tebulo ndi kabati zitulutseni pakhonde, zitseko muzigwejule pa mahinjesi. Fumbi mulithetse powaza madzi pansi ndi kupaka m'mamawa mphepo isanayambe. Chosatheka kutulutsa, tsegulani mawindo a mbali ziwiri kuti mphepo izidutsa, zimitsani magetsi pa swichi yaikulu musanatsegule chitini, ndipo m'nyumbamo musaphikidwe kanthu mpaka fungo lithe. Sesani fumbi la sandipepa musanayambe. Tsanulirani m'kachitini kena mlingo wokwana theka la ola basi, chachikulucho mutseke n'kuchisiya panja pamthunzi. Gwiritsani bulashi, chifukwa kupopera kumadzaza chipinda msanga kwambiri. Ndipo ngati simunagule kale, funsani vanishi wosungunulira ndi madzi, wolembedwa water-based. Ngozi yambiri imathera pomwepo.

Pali china chimene chimawotcha nyumba usiku ntchito itatha kale: nsanza. Mafuta a linseed, amene amapezeka m'mavanishi ena ndi m'mafuta opaka matabwa, akamauma amatulutsa kutentha. Nsanza zikaunjikidwa pamodzi kutenthako kumasowa kotulukira, mpaka muluwo umayaka wokha popanda machesi. Mu 1991 nsanza zotere zinayatsa nyumba yosanja ka 38 ya One Meridian Plaza mumzinda wa Philadelphia ku America, ndipo ozimitsa moto atatu anafera momwemo. Zanu muziyale imodziimodzi panja pa simenti mpaka ziume gwa, kapena muzimize m'madzi m'chitini chokhala ndi chivundikiro. M'jumbo kapena m'katoni ayi.

Moto ukabuka pa chitini musathire madzi, pakuti thinazi amayandama pamwamba n'kufalikira akuyaka. Khalani ndi ndowa ya mchenga pakhomo, kapena chozimitsira moto cha ufa. Ukagwira makatani kapena siling'i, tulutsani anthu onse, tsekani chitseko, itanani ozimitsa moto. Munthu akapsa mumuthire madzi ozizira kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano kapena dzira, kenako kuchipatala.

Mutu ukayamba kuwawa kapena mukamva chizungulire mukupaka, siyani bulashi mutuluke panja, mawindo ali chitsegulire.