Kodi n'kuba kujambulanso chikuto cha Superman?

Kalata inafika Lachiwiri usiku ndipo ndinaiwerenga katatu ndisanagone. Mnyamata wina akuti wayamba kujambulanso pa tabuleti zikuto za makomiki akale a Superman, Batman ndi Spider-Man. Anzake akumuyamikira pa Facebook, koma wina wamuuza kuti kumeneko n'kuba basi. Ndiye akufunsa ngati kuli kubadi, komanso ngati angayambe kuzidinda pa matisheti n'kumagulitsa.

Achimwene, mwanditokosa pachilonda. Yankho ndikupatsani, koma mupirire, tiyamba tazungulira.

Ine makomiki ndinawadziwa ali opanda zikuto. Amalume anga ankayala mabuku akale pa saka m'mbali mwa msewu ku Limbe: mabuku a sukulu, manovelo otha m'mphepete, ndi timabuku ta zithunzi tomwe palibe munthu wamkulu ankatifunsa mtengo. Timeneto ankandipatsa ine ndikawathandiza kulongedza madzulo. Pafupifupi tonse tinali tong'ambika chikuto. Ndinkangotsegula n'kupeza munthu wovala kabudula wofiira pamwamba pa thalauza ali mkati mwa ndewu, dzina la bukulo osalidziwa. Ndinkati ana a azungu ndi osasamala. Ndili wamkulu m'pamene ndinamva kuti ku America ogulitsa ankang'amba dala chikuto cha komiki yomwe sinagulidwe n'kuchibweza kwa eni ake kuti awabwezere ndalama. Chotsalacho chinkayenera kutayidwa, koma makope ena ankapulumuka n'kumayenda m'manja mwa anthu.

Choncho zikuto ndinkajambula ndekha, pa katoni ya sopo, ndi bolopeni ya buluu ndi ina yofiira, n'kusokerera ndi ulusi wa amayi. Zinali zoipa kwabasi. Mikono yotalika kuposa miyendo, zala ngati nthochi zosapsa. Koma zinali zanga, chifukwa panalibe chokopera.

Chikuto chenicheni cha Action Comics nambala 1, ya mu June 1938, komiki yomwe Superman anaonekeramo koyamba, ndinachiona koyamba pa kompyuta ya mu kafe ya intaneti, mphindi zanga zikutha ine ndili kukamwa yasa. Superman wanyamula galimoto yobiriwira pamwamba pa mutu, akuiphwanyira pa thanthwe, tayala lathothoka, anthu akubalalika. Mtengo wake masenti 10. Patapita zaka ndinagula tabuleti yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo chinthu choyamba chomwe ndinachita chinali chomwe tinkachita ku pulayimale ndi mapu a Malawi, pomwe tinkapaka mafuta a nyali pa pepala kuti lionekere n'kumangotsata mizere ya Nyanja. Ndinaika chikuto chija, chomwe anajambula Joe Shuster, pa leya yapansi (maleya ali ngati mapepala oonekera osanjikizana pa tabuleti), ndinachichepetsa kuwala, ndinatsata mzere uliwonse pamwamba pake, ndinathira mitundu yonyezimira, n'kusaina dzina langa pakona. Usiku umodzi ntchito yatha. Anthu anandiyamikira mpaka mutu kukula. Wina analemba kuti ndine mphatso ya dziko.

Kenako ndinakaonetsa bambo wina wachikulire wolemba zikwangwani, mwa aja amajambula mitu yometa bwino pa makoma a mababashopu. Anatenga foni, anaitalikitsa kumaso, anaiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Ndiye analoza ndi chala chothimbirira penti munthu wapakona yakumanzere kumunsi, amene akuthawa manja ali kumutu.

"Mwana wanga, uyu wamujambula ndiwe?"

"Ndine, bambo."

Anandipatsa pensulo ndi chidutswa cha katoni. "Tamujambulanso apa ndione."

Ndinalephera. Sindinkadziwa n'komwe kuti munthuyo mutu wapendekera mbali iti, pomwe dzulo lake ndinali nditadutsa pa mzere wake uliwonse. Madalawo sanaseke. Anangoti dzanja langa linayenda koma maso anali m'tulo, n'kubwerera ku chikwangwani chawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi chija ndinachichotsa pa intaneti ndisanafike kunyumba.

Ndinachiyambanso, ulendo uno chikuto chenichenicho chili pambali, ine ndikungochiyang'ana ndi maso. Zinanditengera milungu itatu, kuphatikizapo tsiku lomwe magetsi anathima ndisanasunge ntchito ya masana onse. M'milungu imeneyo m'momwe ndinaona zomwe Shuster anachita. Superman wake si chimunthu cha minofu yotupa ngati wa masiku ano. Ndi munthu wa thupi wamba, wathunthu koma wamfupi poyerekeza ndi galimotoyo, ndipo mphamvu zake timaziona chifukwa cha kupendekeka kwa galimoto ndi mantha a anthu omuzungulira. Munthu wothawa uja ndiye ali pafupi kwambiri ndi ife, nkhope yake ndiye yaikulu kuposa ya mwini nkhani. Diso limayambira pa iye, likwera ndi mwendo wa Superman, lifika pa galimoto, n'kukagunda thanthwe. Mukamufufuta munthu ameneyu chikuto chonse chimafota. Izi sindikanazidziwa ndikanangotsata mizere, ngakhale ndikanaitsata kakhumi.

Ndiye ndinene mosapsatira. Kujambulanso chikuto chakale ndi maso anu ndi sukulu, ndipo ojambula makomiki okha amachita zimenezi nthawi zonse. Chikuto cha Action Comics chija chajambulidwanso kambirimbiri, ena kunyamulitsa galimoto munthu wina, ena kusintha galimotoyo. Chimodzimodzi cha Amazing Fantasy nambala 15 ya 1962, pomwe Spider-Man akulendewera pa ulusi atapanira munthu m'khwapa, ndi cha George Pérez cha mu 1985 pomwe Superman akulira atanyamula Supergirl. Koma kutsata mizere ya munthu wina n'kusainapo dzina lanu lokha ndi bodza, ndipo amene anakuuzani kuti n'kuba sanalakwe ngati zomwe mukuchita ndi zimenezo. Ndinachitapo, ndikudziwa kukoma kwake.

Ojambula ali ndi mwambo wawo. Akatengera chikuto cha mnzawo amasaina dzina lawo, kenako n'kulemba mawu oti "after", kutanthauza "kutengera kwa", ndi dzina la mwini chithunzi choyambacho: after Shuster, after Kirby (Jack Kirby, wojambula makomiki wina wotchuka). Kamawu kamodzi kokha, koma ine ndikaona munthu wakasiya magazi amandiwira, chifukwa anthu amenewa anabeledwa kale mokwanira. Jerry Siegel ndi Joe Shuster, amene anapanga Superman, anamugulitsa pa madola 130 mu 1938. Mu 2024 kope limodzi lokha la Action Comics nambala 1 ija linagulidwa madola 6 miliyoni. Shuster anakalamba maso akufa, ali wosauka, mpaka mu 1975 pomwe kampani inavomera, anthu atachita phokoso, kumawapatsa awiriwa madola 20,000 pachaka aliyense ndi kubwezeretsa mayina awo. Bill Finger, amene anathandiza kwambiri kupanga Batman, anamwalira mu 1974 dzina lake lisanalembedwe pambali pa la Bob Kane, amene ankatchulidwa yekha kuti ndiye anapanga Batman. Linayamba kulembedwa mu 2015.

Nanga Roy Lichtenstein, wojambula wotchuka wa ku America? Chithunzi chake chotchuka cha ndege zankhondo cha mu 1963, chomwe chili m'nyumba yosungiramo zaluso ya Tate ku London, anachitengera pa kachithunzi ka Irv Novick mu komiki ya kampani ya DC. Anachikulitsa, anachikonza apa ndi apo, anthu n'kumuombera m'manja kuti wasandutsa zinyalala kukhala luso. Dzina la Novick silinalembedwe pa nsaluyo. Ena amati zimenezo zinali nzeru zakuya. Ine ndimati munthu akakolola m'munda mwa mnzake azitchulako mwini munda, kaya chimangacho wachiphika mokoma bwanji. Ndipo onetsetsani kuti mukutchula munthu woyenera. Chikuto cha Spider-Man chija anthu ambiri amalemba kuti n'cha Steve Ditko yekha, chifukwa ndiye anajambula nkhani ya m'katimo. Ditko anajambuladi chikuto chake, mkonzi Stan Lee anachikana, ndipo chomwe chinasindikizidwa n'cha pensulo ya Jack Kirby, Ditko n'kudutsamo ndi inki.

Za mitundu ndi timadontho

Pano ndiye ambiri timapunthwa, ndipo pa zithunzi ziwiri zomwe munatumiza ndaona kuti nanunso mwagwa m'dzenje lomweli. Mwathira mthunzi wosalala pa minofu iliyonse, kuwala ngati galimoto yotsukidwa kumene. Makomiki akale ankasindikizidwa ndi inki zinayi zokha: yabuluu, yofiirira, yachikasu ndi yakuda. Zitatu zoyambazo ankaziika mokwana, kapena theka, kapena kota, kapena osaika n'komwe, ndiye kusakaniza konse kumatulutsa mitundu 64 basi. Umphawi umenewu ndiwo unkawakakamiza kusankha. N'chifukwa chake ngwazi zambiri zimavala zofiira, zabuluu ndi zachikasu, pomwe adani ambiri amavala zobiriwira ndi zapepo. Yesani kudzimana. Sankhani mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi, muithire yosalala popanda mthunzi, kulemera konse kuchoke ku inki yakuda. Mudzaona kuti chithunzi chayamba kuluma.

Timadontho ta inki tomwe timaoneka m'makomiki akale, totchedwa Ben-Day, musamwaze paliponse ngati mchere. Timaoneka kwambiri m'masamba a m'kati, omwe anali a pepala lotchipa la nyuzipepala. Zikuto ankazisindikiza pa pepala losalala, ndipo timadontho take tinali tating'ono kwambiri. Munthu akadzaza chikuto ndi madontho akuluakulu amakhala akutsanzira Lichtenstein, osati Kirby.

Pulogalamu isakusowetseni tulo. Krita ndi yaulere pa kompyuta, ibisPaint imayenda pa foni, Procreate imafuna iPad. Ndinaonapo mwana wojambula ndi chala pa foni yosweka galasi akuposa ine ndi tabuleti yanga. Chachikulu n'kupeza bulashi imodzi yomwe mzere wake umanenepa mukatsindika n'kuonda mukapeputsa dzanja, chifukwa akale aja ankagwiritsa bulashi yeniyeni ndi cholembera choviika mu inki. Mzere wofanana kunenepa kuyambira kumutu mpaka kuphazi umapha chithunzi. Zilembo za dzina la komiki nazonso muzijambule ndi dzanja. N'zotopetsa, ndikudziwa, ndipo madala a zikwangwani aja akanakuuzani kuti ntchito yeniyeni ili pomwepo.

Chikuto chomwe ndimachikonda pa zonse zomwe ndinajambulanso n'chija ndinasiya kumamatira kwa Shuster: kaimidwe komweko, kupendekeka komweko, koma wonyamulayo ndi mayi wovala chitenje, galimoto yasanduka minibasi, wothawa manja ali kumutu ndi kondakitala. Pansi ndinalemba after Shuster. Amalume atachiona anaseka mpaka kutsokomola, n'kufunsa ngati kondakitalayo anabweza chenji.

Tsono za matisheti. Ayi. Superman ndi Batman ndi a DC, Spider-Man ndi wa Marvel, yomwe ili m'manja mwa Disney kuyambira 2009, ndipo kulemba "after" kumalemekeza wojambula koma sikukupatsani chilolezo chogulitsa. Malawi ali mu mgwirizano wa mayiko wa Berne woteteza umwini wa ntchito zaluso, ndiye umwini wa ntchito zakunja umatetezedwa kunonso. Makampaniwa nthawi zambiri amangoyang'ana kumbali munthu akaika chithunzi chake pa intaneti kwaulere, koma mukayamba malonda masitolo a pa intaneti amatha kuchotsa katundu wanu mwini akadandaula. Nkhani yoyamba ya Superman idzamasuka ku malamulo a umwini ku America mu 2034, ya Batman mu 2035, ndipo ngakhale pamenepo mayina ndi zizindikiro zawo zamalonda zidzakhalabe ndi eni ake. Ngati mukufuna ndalama, tengani zomwe mwaphunzira mujambule ngwazi yanuyanu, imeneyo muidinde pa matisheti mmene mungafunire.

Pa chithunzi chanu chachiwiri, dzanja lamanzere la Batman lili ndi mizere yofanana ndendende ndi ya chikuto chenicheni, pomwe lamanja ndi lopotoka pang'ono. Ine ndakonda lopotokalo. Zimitsani leya yapansiyo, mujambulenso lamanzere, munditumizire.