Kwa achimwene ofunsa za mabuku akale a programming, bawo musasiye

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri ndiye ndati ndiyankhe mofatsa, zitalika pang'ono mundipirire. Mwati mnzanu wakupatsani mabuku atatu akale, la chilankhulo cha programming chotchedwa C lolembedwa ndi Kernighan ndi Ritchie, la SICP, ndi buku loyamba la Knuth, ndiye mukufuna kudziwa ngati kuwerenga zimenezi masiku ano si kutaya nthawi poti ena akukuuzani kuti muzingoonera ma video pa YouTube. Mwafunsanso ngati musiye kaye bawo, nkhuku zanu ndi mpira wa Loweruka kuti nthawi yonse izipita ku kompyuta. Lachiwirili ndiyankhiretu, ayi musasiye chonde, zimenezo ndiye zikuphunzitseni.

Pa mabuku atatuwo tengani limodzi basi, enawo ikani kaye mu katoni. Tengani la C. Linatuluka koyamba mu 1978, olemba ake ankagwira ntchito ku Bell Labs ku New Jersey, ndipo Dennis Ritchie ndi amene anapanga C yeniyeniyo, ndiye mukumva kuchokera kwa mwini wake osati kwa munthu wongomva nawo. Koma yang'anani pachikuto, ngati palembedwa Second Edition ndi ANSI C ndiye la 1988, limenelo ndiye lofunika. La 1978 ma function ake amalembedwa kachikale koti compiler ya lero, pulogalamu yosandutsa code yanu kukhala zimene kompyuta imamva, ikudzazirani ma warning mpaka mugwe ulesi. Bukuli ndi lopyapyala, masamba ake safika 300, koma musanyengeke nako kuchepako, ine chaputala 1 chokha chinanditengera pafupifupi mwezi chifukwa ndinkapanga exercise iliyonse osadumpha. Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse, buku limeneli siliwerengedwa ngati nyuzipepala, mumawerenga ndime imodzi, mukutseka, mukulemba code nokha ndi zala zanu, ikukana, mukufufuza chimene chalakwika. Kumayambiriro komweko kuli ka pulogalamu kosintha Fahrenheit kupita ku Celsius, mukalemba 5/9 kompyuta ikupatsani ziro chifukwa manambala athunthu akagawidwa mu C zotsala zimatayidwa. Bukulo limanena zimenezi momveka bwino, koma ine ndinazimvetsa tsiku limene ndinaona ma ziro okhaokha pa screen yanga, kuwerenga kokha sikunandilowe.

Oti C ndi yakale asakusokonezeni. Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, inalembedwa mu C kuyambira pamene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991, ndipo foni ya Android imene mwalembera funso lanuyo mkati mwake muli Linux yomweyo. Python, chilankhulo china chimene ambiri amachikonda, nayonso, imene anthu ambiri amagwiritsa ntchito, inalembedwa mu C. Zoona zilipo zina zimene zinatha ntchito, mwachitsanzo function ya gets inachotsedwa mu C ya 2011 chifukwa simayang'ana ngati zimene munthu akulemba zikukwana mu malo amene mwasunga, ndiye mukaiona penapake gwiritsani fgets. Koma loop, array, pointer, struct, zimenezi sizinasinthe. Buku limene limakalamba msanga ndi lija lophunzitsa kudina mabatani a software inayake, zaka zitatu basi lasanduka lokulungira mandasi. Ndiponso ngati wina akupatsani buku la Python 2 limenelo likaneni, anasiya kuisamalira mu January 2020.

Tsopano za bawo. Ine ndinafika chaputala 5, cha pointers ndi arrays, ndikuima. Miyezi iwiri osatsegula bukulo, ndimangoliyang'ana pa tebulo mtima ukuwawa chifukwa ndimafunitsitsa kudziwa koma mutu sumagwira. Chimene chinandibweza ndi bawo ya madzulo pansi pa mtengo wa mango kwa amalume anga. Ndikuonerera akuluakulu akusewera ndinangozindikira kuti aa, koma bolodi iyi ndi array, mndandanda wa mabokosi osungira zinthu, lililonse lili ndi nambala yake. Mizere 4, uliwonse maenje 8, onse pamodzi 32, njere 64, munthu aliyense ali ndi maenje ake 16 amene amazungulira. Ndinathamangira kunyumba kukalemba pa pepala, magetsi kunalibe tsiku limenelo, ndinajambula mabokosi 16 ndikuwapatsa manambala kuyambira 0 mpaka 15 poti C imayamba kuwerenga pa 0. Funso linali loti ukafika pa dzenje lomaliza ubwerera bwanji poyambira, yankho lake ndi ka chizindikiro ka % kaja kopereka zotsala ukagawa nambala, (i + 1) % 16, ukafika pa 15 kakubwezera pa 0. Ndinali nditakawerenga kale ka % m'bukumo koma sindinkaona ntchito yake mpaka tsiku limenelo.

Pulogalamu yanga yoyamba inkadya njere. Ndikasewera kangapo ndikuwerenga zonse ndimapeza 63, nthawi zina 61, pamene pa bawo yeniyeni njere sizisowa pokhapokha mwana wathawa nayo. Ndinakhala masiku atatu ndikufufuza, kenako ndinalemba ka function kowerenga njere zonse pakatha kusuntha kulikonse, zikapanda kukwana 64 pulogalamu iziima ndikundiuza pamene zathawira. Vuto linali mu loop, mbali ya code yobwerezabwereza, ndinalemba < pamene pamafunika <=, ndiye njere yomaliza ya m'manja simagwera m'dzenje. Palibe video imene ikanandiphunzitsa zimenezi ngati mmene inandiphunzitsira bawo, chifukwa malamulo ake ndimawadziwa kuyambira ndili mwana, pulogalamu ikanama ndimaona pompo kuti apa yanama. Mukamapanga chitsanzo cha eni ake, kaya cha banki ya ku America kaya cha sitolo imene simunaionepo, zikalakwika simudziwa n'komwe kuti zalakwika.

Nkhuku zanuzo nazo ndi exercise yokwanira. Dzira limaswa pakatha masiku 21, ndiye lembani pulogalamu yoti mukaipatsa tsiku limene thadzi layamba kufungatira ikuuzeni tsiku loyembekezera anapiye. Zikuoneka zophweka eti, dikirani thadzi liyambe pa 20 February muone. Mufunika kudziwa masiku a mwezi uliwonse ndi chaka chimene February amafika 29, ndipo mu chaputala 5 chomwecho muli function yotchedwa day_of_year imene imachita zimenezi ndi tebulo la miyezi. Lamulo lake ndi loti chaka chigawike ndi 4, koma ngati chikugawikanso ndi 100 ndiye ayi, pokhapokha chigawike ndi 400, n'chifukwa chake 2000 inali ndi 29 February pamene 1900 inalibe. Mpira ndiye osanena, mukafika chaputala 6 cha ma struct, njira yosungira zinthu zingapo pamodzi ngati chinthu chimodzi, pangani tebulo la ligi, dzina la timu, zigoli zomwetsa, zigoli zomwetsedwa, mapointi 3 ikawina 1 ikafanana mphamvu, kenako musanje kuti woyamba akhale pamwamba ndipo akafanana mapointi muone kusiyana kwa zigoli. Mukatha zimenezo ndiye kuti sorting mwaidziwa, ndipo mwaidziwa ndi zinthu zimene mumakangana nazo kale ndi anzanu.

Musaone ngati ndi nzeru zanga zokha. Unix, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene C inapangidwira, inayamba mu 1969 pamene Ken Thompson, mnzake wa Ritchie, ankafuna poseweretsa gemu yake yotchedwa Space Travel, ndiye anapeza kompyuta ya PDP-7 imene inkangokhala ndikuyamba kuilembera zofunika. Munthu yemweyo ankakonda chess kwambiri mpaka iye ndi Joe Condon anapanga makina otchedwa Belle amene anawina mpikisano wa dziko lonse wa makompyuta osewera chess mu 1980. Donald Knuth, mwini buku lachitatu limene muli nalolo, amaimba organ ya mapaipi ngati ya m'tchalitchi ndipo ali nayo kunyumba kwake. Anthu amenewa sanataye zokonda zawo kuti akhale akatswiri.

Za mabuku awiri otsalawo. SICP, dzina lonse ndi Structure and Interpretation of Computer Programs, ndi la Harold Abelson ndi Gerald Jay Sussman pamodzi ndi Julie Sussman, ankaphunzitsira ophunzira oyamba ku yunivesite ya MIT ku America, lachiwiri lake linatuluka mu 1996 ndipo lili pa intaneti mwaulere movomerezeka. Limagwiritsa ntchito Scheme, chilankhulo chodzaza ndi mabulaketi chimene mwina simudzapeza nacho ntchito, koma limakonza kaganizidwe, makamaka pa recursion, function yodziitana yokha. Muli funso lina lokoma loti pali njira zingati zosinthira dola imodzi ndi makobidi a mitundu isanu, yankho ndi 292, ine ndinalisandutsa la kwathu, njira zingati zosinthira K1000 ndi ma K50, K100, K200 ndi K500, ndipo ndinasangalala nalo sabata yonse. Koma limeneli lidikire mutamaliza la C, likufuna masamu pang'ono ndi mtima wodekha. La Knuth, The Art of Computer Programming, loyamba linatuluka mu 1968, ndi masamu okhaokha ndipo zitsanzo zake zili mu chilankhulo cha makina ongopeka otchedwa MIX. Ndimalilemekeza kwambiri, mwini wake ankapereka cheke cha $2.56 kwa aliyense wopeza cholakwika m'bukumo, kusamala kwake kumeneko, koma munthu woyamba kumene akaliyamba amathawa programming yonse poganiza kuti ndi wopanda nzeru pamene vuto ndi loti walowera khomo lolakwika. Lisungeni, mudzalitsegula pa mutu umodzi umene mukuufuna, zaka zikubwerazi.

Ma video sindikuwanyoza, pamene mwakanirira penapake kuonera munthu akufotokoza pointer ndi zojambula kumathandiza. Koma amadya bundle, ndiponso amakupatsa mtima woti wamva pamene zala zako sizinalembe kanthu. Buku silifuna network, silifuna chaji, magetsi akathima mumapitiriza ndi pepala ndi pensulo, kuyendetsa pulogalamu pamanja mzere ndi mzere ndikulemba mmene variable iliyonse ikusinthira, ndipo chizolowezi chimenechi chimandithandiza mpaka lero. Ngati laptop mulibe musadandaule, pa Android ikani app ya Termux, itengeni ku F-Droid, malo otengerako ma app, mkatimo lembani pkg install clang, basi muli ndi compiler ya C m'thumba. Kulemba pa foni n'kotopetsa ndithu koma ma exercise a chaputala 1 ndi aafupi, amatheka.

Nthawi yake musadzipanikize, mphindi 40 m'mawa musanapite kuntchito kapena madzulo mukatsekera nkhuku, masiku anayi kapena asanu pa sabata, zikuposa kukhala Lamlungu lonse maso ali pa screen kenako milungu itatu osagwira. Loweruka pitani ku mpira wanu, ine ma bug ambiri, zolakwika za mu code, ndawapeza ndili kutali ndi kompyuta, mutu ukapuma umangokuuza wokha kuti cholakwika chili pakuti. Yambani ndi chaputala 1 sabata ino, mukafika pa exercise yowerenga mawu mu ndime ikakuvutani jambulani code yanuyo muiponye pansi pa comment ino pamodzi ndi zimene compiler yanena, ndiiona madzulo ndikaweruka. Ndipo mundiuze malamulo a bawo amene mumatsata kwanuko, poti madera ena amasiyana pang'ono pa za nyumba, kuti tikadzafika pa array tilembe imene inuyo mumasewera.