Kabelu kovutitsa mu Photoshop: kakuchokera kuti, nanga tikazimitse bwanji?

Mlongo wina yemwe amakonza makadi a ukwati ndi mapositala wanditumizira imelo. Akuti akamagwira ntchito mu Photoshop pa laputopu ya Windows 11, kabelu kamangolira kuti "ting'" nthawi ndi nthawi, makamaka akavala mahedifoni, mpaka mutu kuwawa. Wasakasaka mu Preferences koma sanapeze pozimitsira.

Achemwali, simunapapeze chifukwa mumafufuza nyumba yolakwika. Kabeluko si ka Photoshop ayi, n'ka Windows. Mu Preferences, pansi pa General, muli kabokosi kotchedwa Beep When Done, koma ntchito yake ndi kulira pulogalamuyo ikamaliza zomwe munaituma, basi. Ngati kali kochongedwa, chotsani chizindikirocho. Kulira kwinako nthawi zambiri kumachitika Photoshop ikakana zomwe mwadina, Windows n'kuimba mawu omwe inawatcha Default Beep.

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe mmsys.cpl, kenako Enter. Pa kawindo komwe katseguke, pitani pa Sounds. Mumndandanda wa Program Events pezani Default Beep, muidine, ndipo m'munsimo pomwe pali dzina la mawuwo sankhani None, yomwe ili pamwamba penipeni pa mndandanda. Dinani Apply. Mukaona kuti kakulirabe pakatuluka uthenga wochenjeza, chitani chimodzimodzi ndi Asterisk komanso Exclamation. Musanatseke, dinani Save As n'kupatsa dzina makonzedwe anuwo, chifukwa tsiku lina mukadzasintha theme (maonekedwe a Windows), Windows ikhoza kubwezeretsa mabelu onse, ndiye mudzangosankha dzina lanulo.

Ambiri adzakuuzani kuti mungosankha No Sounds pa Sound Scheme, nkhani ithe. Ine sindigwirizana nazo. Mumndandanda womwewo muli Low Battery Alarm ndi Critical Battery Alarm. Magetsi akathima masana inu maso ali pa khadi la kasitomala, ndi mawu amenewa omwe amakudzidzimutsani kuti musunge fayilo laputopu isanazime. Mulinso Device Disconnect, yomwe imakuuzani kuti fulashi yagwedezeka pomwe mukukopera ntchito yopita nayo kosindikiza. Zimenezi zisiyeni zizilira.

Koma mbali yomwe ndikufuna muiganizire kwambiri ndi yakuti n'chifukwa chiyani kabeluko kamalira pafupipafupi chonchi. Kukazimitsa sikuchotsa chomwe chikukaliza. Ndikukayikira batani la Alt. Pa Windows, mukadina Alt n'kuisiya yokha, kompyuta imaganiza kuti mukufuna menyu ya pamwamba ija ya File, Edit ndi Image. Tsono ife okonza zithunzi chala chimakhalira pa Alt pomwepo: pokuza chithunzi ndi kagudumu ka mausi, potola mtundu ndi burashi, posankha potengera ndi Clone Stamp. Mukaisiya, nthawi zina Windows imatsalira ku menyu kuja. Inu mukudina B kuti mutenge burashi, iyo ikufunafuna menyu ya chilembo B, yaisowa, ting'! Burashi sinabwere. Mukazimitsa belu osadziwa zimenezi, muzingodabwa kuti kiyibodi yafa. Dinani Esc kamodzi, zonse zibwerera m'malo. Ngati mumakuza zithunzi ndi kagudumu kawirikawiri, chongani Zoom with Scroll Wheel mu Preferences, pansi pa Tools, kuti Alt isamafunikenso pamenepo.

Chachiwiri ndi kawindo kobisala. Mwatsegula Image Size kapena Levels, simunadine OK kapena Cancel, ndiye paliponse mungadine kunja kwake pakulira. Zimavuta kwambiri kwa omwe amalumikiza sikirini yachiwiri, poti kawindoko kakhoza kutsegukira kumeneko sikiriniyo ili yozima. Apanso Esc ndiye mankhwala.

Pali kulira kwinanso kosiyana ndi uku, komwe kumabwera ndi funso la Sticky Keys kapena Filter Keys, njira za Windows zothandiza anthu ovutika kudina mabatani. Sticky Keys imadzuka mukadina Shift kasanu motsatizana, ndipo Filter Keys imadzuka mukagwira Shift yakumanja kwa masekondi 8, zomwe sizachilendo kwa munthu wojambula mizere yowongoka tsiku lonse. Izi Default Beep sizikuikhudza. Pitani ku Settings, Accessibility, Keyboard, mulowe mu Sticky Keys ndi Filter Keys, muzimitse njira zachidule zoziyatsira. Pa Windows 10 malowa amatchedwa Ease of Access.

Kwa anzathu a Mac, nkhani ndi yaifupi: System Settings, Sound, tsitsani Alert volume mpaka kumapeto. Pa makina omwe sanafike pa macOS Ventura ya 2022, dzina lake ndi System Preferences.

Ndiye achemwali, yambani ndi Default Beep yokha, mugwire ntchito tsiku lathunthu chala chakumanzere chili pafupi ndi Esc. Kakamalirabe, mundilemberenso, mundiuze chida chomwe munagwira ndi batani lomwe munadina kasanalire.