Funsani a Namwino: Ndalama zipite ku kafukufuku mwana akubanika?

Funso: Zikomo a Namwino. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 7 ali ndi mphumu. Chiperoni chikangoyamba sitigona, amatsokomola usiku wonse, m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka. Achemwali anga amene ali ku Leeds, ku England, andiuza kuti akuyenda ndawala yosonkhetsa ndalama zothandizira kafukufuku wa matenda a m'mapapo. Ine zandiwawa. Kuno masiku ena timabwerako kuchipatala opanda inhela, iwo ali kalikiliki kusonkhera anthu ofufuza. Kafukufukuyo atipindulira chiyani ife? Chinanso, apongozi akuti mwanayu ndisamupatse inhela chifukwa akaizolowera sadzasiya.
*Mayi wa ku Bangwe, Blantyre*

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi za apongozi, chifukwa ndi zimene zingamukhudze mwanayo usiku uno. Inhela siyambitsa chibaba. Mankhwala ake amapita molunjika m'mapapo, ndipo amakhala ochepa kwambiri kuyerekeza ndi a m'mapiritsi a salbutamol, aja amanjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima. Inhela zimene timaziona kawirikawiri kuno ndi ziwiri. Ya buluu, salbutamol, imatsegula njira za mpweya mwana akabanika. Ya bulauni, beclometasone, imachotsa kutupa kwa m'kati mwa njirazo, ndipo imafunika tsiku lililonse, ngakhale mwana akusewera mpira bwinobwino. Amene amadzuka usiku pafupipafupi ngati wanuyu, kafunseni adokotala za ya bulauniyo. Akapopera azichukucha m'kamwa. Koma mukaona kuti akulephera kumaliza mawu, nthiti zikulowa m'kati, milomo yasintha mtundu, kapena inhela ya buluu sikumuthandiza, musadikire kuti kuche. Thamangirani kuchipatala.

Tsono za achemwali anu. Kuwawidwa kwanu ndikukumva, koma pa ichi ndili mbali yawo.

Mwana wa zaka 7 zimamuvuta kupopera ndi kukoka mpweya nthawi imodzi, mankhwala ambiri amathera pa lilime. Amafunika kachubu kotchedwa spacer, komwe m'mafamase ambiri sikapezeka, kakapezeka n'kodula. Ku Cape Town, pa chipatala cha ana cha Red Cross, Dr Heather Zar ndi anzake anayesa botolo wamba la pulasitiki la 500 ml. Amaboola kunsi kwake, kulowetsapo inhela mothina, mwana n'kumakoka mpweya kukamwa kwa botolo. Zotsatira zinatuluka mu 1999: botololo linagwira ntchito mofanana ndi spacer yogula. Ine ndimasunga angapo m'kabati ya kuntchito, ndipo ndimaphunzitsira amayi pomwepo: kupopera kamodzi, mwana apume kangapo, kenako kupoperanso. Anamwino a kwanuko akuonetseni kabooledwe kake, chifukwa bowo likakula mankhwala amathawira panja.

Dzifunseni, ndi kampani iti ikanataya ndalama zake kuti itsimikize zoti botolo lotayidwa lingalowe m'malo mwa katundu wogulitsa? Makampani amafufuza pomwe pali msika. Mafunso a anthu osauka amadalira ndalama za maboma, mayunivesite ndi mabungwe achifundo.

Pafupi ndi kwanu komweko, pa chipatala cha Queen Elizabeth, pali bungwe lofufuza za umoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome lomwe linayamba mu 1995. Mzati wake ndi Wellcome Trust ya ku London, bungwe lachifundo lomwe linakhazikitsidwa mu 1936 ndi chuma chimene anasiya Henry Wellcome. Kumeneko Dr Sarah Rylance ndi anzake anatenga ana 120 odwala mphumu. Ena analandira thandizo la masiku onse, ena anapimidwa mwachifatse, mankhwala awo anakonzedwanso, ndipo iwo ndi makolo awo anaphunzitsidwa za matendawa ndi anthu amene sanali madokotala. Patatha miyezi itatu, gulu lachiwirili linali bwino, linkajomba kusukulu mochepa komanso silinkathamangira kuchipatala pafupipafupi. Zinasindikizidwa mu 2021. M'dziko la madokotala owerengeka ngati lathu, kudziwa kuti munthu wamba wophunzitsidwa bwino angasinthe moyo wa mwana wa mphumu si nkhani yaing'ono.

Nthawi zina kafukufuku amatiuza zimene sitinafune kumva. Ambirife tinkakhulupirira kuti mbaula zamakono zosatulutsa utsi wambiri zichepetsa chibayo mwa ana. Ofufuza anaziyesa m'midzi ya ku Chikwawa ndi Karonga, pa ana oposa 10,000, Wellcome ili m'gulu la opereka ndalama. Chibayo sichinachepe. Musandimve molakwa, utsi wa nkhuni, makala, fodya ndi zinyalala zootcha umautsa mphumu, mwana wanuyo azikhala nawo kutali. Koma pakanapanda kuyesa, bwenzi ndalama zankhaninkhani zikuthera pa mbaula pokha, tikuganiza kuti tathana ndi chibayo.

Pomwe mwalasa ndi apa: kafukufuku sadzaza shelefu ya kuchipatala. Salbutamol ndi beclometasone ndi mankhwala akale, a zaka zoposa 50, ndipo onse ali pa mndandanda wa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, wa mankhwala ofunika kupezeka paliponse. Kuti afike ku Bangwe ndi udindo wa boma, osati wa achemwali anu. Akasowa, kanenani ku komiti ya chipatala chanu, kwa khansala ngakhale kwa phungu. Bungwe la WHO lomwelo linawerengera kuti mu 2019 anthu 455,000 anafa ndi mphumu, ambiri a iwo m'mayiko osauka, pomwe mankhwala odziwika kale safika.

Achemwaliwo alekeni ayende, ndipo afunseni ngati bungwe lawolo lili ndi ntchito ina kuno ku Africa. Kenako auzeni mosabisa kuti mwana wawo ku Bangwe akufunika inhela ziwiri, ndi mtengo wake kufamase. Pokagula mutenge buku lake la kuchipatala lomwe adokotala alembamo mlingo.