Kusankha oyamba masewero timu ikachoka pa otchinga anayi n'kuyamba kuyimika atatu

Akochi, mwafunsa za timu yanu imene yakhala ikugoletsedwa zigoli zambiri ndi otchinga kumbuyo anayi. Mwati mukufuna kuyamba kuyimika atatu, koma mwasowa poyambira posankha anyamata 11 oyamba masewero, makamaka chifukwa kaputeni wanu wa pa namba 5 wakula ndipo liwiro lamuchepera. Malangizo anga ndi akuti musayambe ndi atatu akumbuyowo. Yambani ndi anyamata awiri a m'mbali, chifukwa mukawasowa amenewo, kasanjidwe katsopanoka kadzakugoletsetsani zigoli zoposa zimene mukudandaula nazo lero.

Chitsanzo chimene chimaonetsa zimenezi momveka bwino ndi cha Chelsea ya Antonio Conte mu 2016. Conte anafika ku London akudziwa kale kasanjidwe ka atatu kuchokera ku Juventus, kumene anatenga ligi ya ku Italy katatu motsatizana ali ndi Barzagli, Bonucci ndi Chiellini, komabe ku Chelsea anayamba ndi anayi. Atagonja 2-1 pakhomo ndi Liverpool, anapita ku Emirates pa 24 Seputembala, kumene Arsenal inawamwetsa zigoli zitatu chigawo choyamba chisanathe. Kumayambiriro kwa chigawo chachiwiri Conte anatulutsa Cesc Fàbregas, nalowetsa Marcos Alonso, ndipo timu inamaliza masewerowo ili ndi atatu kumbuyo. Kuyambira pa masewero a Hull City pa 1 Okutobala, Chelsea inapambana masewero 13 a ligi motsatizana, asanu ndi amodzi oyambawo osagoletsedwa ngakhale chigoli chimodzi, ndipo pa masewero onse 13 inagoletsedwa zigoli zinayi zokha. Ligi inaitenga ndi mapointi 93.

Anthu ambiri amakumbukira manambalawo koma amaiwala kuti amene anapindula ndi kusinthako anali osewera amene palibe ankawaganizira. Victor Moses wa ku Nigeria anali winga, ndipo Chelsea inali itamubwereketsa zaka zitatu motsatizana ku Liverpool, Stoke City ndi West Ham, monga munthu wosafunika pakhomo. Alonso anali atangogulidwa kumene kuchokera ku Fiorentina. Conte anawapatsa mbali zonse ziwiri za bwalo chifukwa anali ndi mpweya wothamanga kuchokera pa kona ya kwawo kukafika pa kona ya adani, ndi kubwerera mpira ukatayika. Pa kasanjidwe ka anayi, ntchito ya mbali imodzi amagawana anthu awiri, namba 2 ndi namba 7 kapena namba 3 ndi namba 11. Pa kasanjidwe ka atatu ntchito yonseyo imagwera munthu mmodzi. Choncho mukamayang'ana anyamata anu, musafunse kuti ndani amadziwa kuchenjeretsa adani ndi mpira kumapazi. Funsani kuti ndani amene pa mphindi ya 75, mpira ukalandidwa kutsogolo, amatembenuka yekha n'kuthamangira kumbuyo popanda kumukuwira. Winga amene amaima manja m'chiuno akataya mpira sangagwire ntchitoyi, ngakhale masapota atamukonda chotani. Ndiponso namba 2 amene amaopa kuwoloka mzere wapakati adzasandutsa timu yanu ya otchinga asanu, ndipo omwetsa zigoli anu adzatha masewero onse osalandira mpira.

Mukapeza awiriwo, bwerani kwa atatu akumbuyo, ndipo pamenepa mpamene makochi ambiri amalakwitsa poganiza kuti angotenga otchinga atatu aataliatali n'kuwandandalika. Malo atatuwa si ofanana. Awiri a m'mphepete amakokedwa kawirikawiri kupita kumzere wa m'mbali, kumene amakumana ndi winga waliwiro maso ndi maso pamene mnyamata wa mbaliyo wachedwa kubwerera. Chifukwa cha ichi Conte anaika César Azpilicueta kumanja kwa atatuwo, munthu amene ankasewera pa namba 2 ndi pa namba 3, wosakhala wamtali kwenikweni koma wodziwa kutchinga pa malo otakasuka. Azpilicueta anasewera mphindi iliyonse ya ligi chaka chimenecho. Branislav Ivanović, amene anatumikira timuyo zaka zambiri pa namba 2, anataya malo chifukwa miyendo inali itayamba kulemera, ndipo kumayambiriro kwa 2017 anapita ku Zenit. Ngati muli ndi namba 2 kapena namba 3 wamakhalidwe abwino, womvera ndi wosafulumira kudzigwetsa pansi polanda mpira, muyeseni pamenepo musanaganize zomuika pabenchi. Kumanzere kumakhala bwino kuikako wa mwendo wamanzere, ngakhale Gary Cahill, wa mwendo wamanja, anagwira ntchitoyo chaka chonse.

Wapakati pa atatuwo ndiye amene nkhani ya kaputeni wanu ikumukhudza. David Luiz wa Chelsea ankadziwika ndi zolakwitsa akamasewera mwa otchinga awiri apakati, chifukwa ankakonda kutuluka pamalo pake. Atamuika pakati pa Azpilicueta ndi Cahill, anakhala munthu wotsala wopanda mdani womumatirira, wotolera mipira yodutsa anzake ndi kuyambitsa masewero ndi mipira yaitali. Malowa amafuna maso, pakamwa ndi phazi lodziwa kupatsira, ndipo liwiro limabwera pambuyo. Kaputeni wanu akhoza kukwanira pamenepa, malinga ngati a m'mphepete mwake ali aliwiro ndipo timu siima patali kwambiri ndi golo lake. Per Mertesacker, amene sankadziwika ndi liwiro n'komwe, anaima pakati pa atatu a Arsenal mu fainolo ya FA Cup mu 2017 ndipo anathandiza kugonjetsa Chelsea yomweyo 2-1. Koma ngati kaputeniyo sadziwa kupatsira mpira akapanikizidwa, kapena mukufuna kuti timu izikankhira adani kufikira pamzere wapakati, ndiye kuti muyenera kulimba mtima. John Terry anali kaputeni wa Chelsea, wa zaka 35, ndipo anavulala kusinthako kusanachitike. Atachira anapeza atatu aja akuyenda bwino, ndipo Conte sanawasokoneze pofuna kulemekeza dzina. Terry anakhalabe kaputeni wa kalabu pamene Cahill ankavala lamba wa ukaputeni m'bwalo. Chimene ndingakupempheni n'chakuti munthu wamkulu ngati ameneyo mumuitane pambali ndi kumufotokozera nokha tsiku la masewero lisanafike, asadzamve dzina lake likusowa pamaso pa achinyamata. Kaputeni wonyozeka amagawa timu, pamene wofotokozeredwa bwino amakuthandizani kulangiza amene watenga malo ake.

Pakati pa bwalo pamakhala nsembe ina. Mu kasanjidwe ka 3-4-3 (otchinga atatu, anayi pakati kuphatikizapo a m'mbali awiri aja, ndi atatu kutsogolo) mumatsala anthu awiri okha pakati penipeni, nthawi zambiri olimbana ndi adani atatu, kotero Conte anasankha N'Golo Kanté ndi Nemanja Matić, nasiya Fàbregas amene anali katswiri wopatsira kuposa onse. Oscar anasowa malo mpaka anagulitsidwa ku China. Fàbregas sanatayidwe, pakuti Matić atavulala iye anayamba masewero a ku Manchester City mu Disembala ndipo mpira wake wautali ndi umene Diego Costa anabwezera chigoli, timu n'kupambana 3-1. Ngati namba 10 wanu ndi wotero, ndipo simungathe kumusiya, ganizirani za 3-5-2 kuti akhale ndi othamanga awiri kumbuyo kwake.

Ndikufunanso kuti muone pamene kasanjidweka kamabowoka, chifukwa adani anu adzapafufuza. Pa 4 Januwale 2017 ku White Hart Lane, Tottenham inathetsa kupambana kwa Chelsea kuja ndi zigoli ziwiri zofanana ngati mapasa. Kawiri konse Christian Eriksen anapeza mpata kumanja, nakweza mpira kupita ku mtengo wakutali wa golo, ndipo Dele Alli analowa pakati pa Azpilicueta ndi Moses n'kugunda ndi mutu. Azpilicueta anali wamfupi pomuyerekeza ndi Alli, Moses anali winga wophunzira kumene kutchinga, ndipo m'kanthawi kochepako aliyense anaganiza kuti munthuyo ndi wa mnzake. Mpata wa pakati pa wa m'mbali ndi wa m'mphepete mwa atatu ndiwo chilonda cha kasanjidweka. Posankha, awiriwa muziwasankha pamodzi monga banja la mbali imodzi. Ngati wa m'mbali ndi winga wakale, kumbuyo kwake kukhale munthu wodziwa kulumpha ndi kulankhula. Ngati wa m'mphepete ndi wamfupi, wa m'mbali akhale wamsinkhu, monga Alonso analili kumanzere.

Manchester United inaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Kochi Ruben Amorim anafika mu Novembala 2024 ndi kasanjidwe ka atatu kamene anapambana nako ku Sporting, nakayala pa gulu limene linagulidwira kusewera ndi anayi. Osewera ankasinthanasinthana m'mbalimo, ndipo timu inamaliza ligi pa nambala 15. Zifukwa zinalipo zingapo, koma kusowa kwa anthu oyenera malo a m'mbali kunkaoneka sabata ndi sabata.

Musanalembe mayina, konzani masewero opimana mphamvu awiri kapena atatu, ndipo pokonzekera muziyeserera chinthu chimodzi mobwerezabwereza. Ikani mpira kwa winga wa gulu linalo pamene wa m'mbali wanu ali kutsogolo, muimbe wezulo, muone amene akutuluka kukakumana naye, amene akutseka malo a wotulukayo, ndiponso ngati wa mbali inayo akubwerera kudzakwanitsa anayi. Kenaka mipira ikwezedwe ku mtengo wakutali, mumvetsere amene akutchula dzina la mdani wolowayo. Goloboyi mumufunse maganizo ake, popeza iye ndiye amaona mzere wonse kuchokera kumbuyo. Mukaona kuti muli ndi mnyamata mmodzi yekha wotha kuthamanga mbali yonse, khalanibe ndi anayi, muike namba 6 womvera patsogolo pa kaputeniyo, ndipo namba 2 ndi namba 3 asamakwere onse nthawi imodzi. Atatuwo mudzawayambe mukadzapeza kapena kuphunzitsa wachiwiriyo, makamaka pa nthawi yopuma ligi, pamene kulakwitsa sikukutayitsani mapointi.