Nyimbo ndinaigwira, muyeso ayi

Achemwali ena afunsa mmene angapangire uthenga wa zaumoyo woulutsa pa wailesi. Inu amene mukuti bola uthengawo ukhale ndi kanyimbo kokoma basi, pepani, ine zimenezo zinandiwotcha. Wailesi inatha miyezi ikuimba za madzi a shuga ndi mchere othandiza wotsegula m'mimba, m'nyumba monse tinkayimba nawo, ngakhale mwana amene. Ndiye tsiku lina usiku mwana yemweyo n'kuyamba kutsegula. Maso alowa m'kati, milomo gwa, akulira koma misozi osatuluka, ukatsina khungu la pamimba likuchedwa kubwerera. Ine chiimire ndi supuni m'manja, manja akunjenjemera, nyimbo ikungozungulira m'mutu koma muyeso mulibemo. Masupuni angati? Wochuluka ndi shuga kapena mchere? Zimene zinkabwera ndi ng'oma ndi mayina a mabungwe amene anapereka ndalama, poti amenewo ndiye ankawatchula mofatsa kumapeto, limodzilimodzi. Muyesowo ankangouthamangitsa pakati, mawu atamira m'magitala. Nambala ankalengeza ija ndinaimba, inangoitana mpaka kuduka. Tinakafika kuchipatala m'bandakucha, mwana atalefukiratu, anachita kumuika diripi. Anachira, koma mpaka pano ndikaganiza za anthu anapanga uthenga uja mtima umandiwawa. Iwo ankafuna kusangalatsa mabwana awo, mayi wothedwa nzeru pakati pa usiku sanamuganizireko n'komwe.

Muyesowo ndi uwu, lembani: madzi aukhondo lita imodzi, shuga timasupuni ta tiyi 6 tosadzaza mpaka kutumphuka, mchere theka la kasupuni. Mchere ukachuluka umamupweteka mwana. Mwaona kufupika kwake? Zinawavuta pati kunena zimenezi kawiri?

Ku Bangladesh, kuyambira 1980, bungwe la BRAC linatumiza amayi khomo ndi khomo kukaphunzitsa zomwezi, ndipo sankatchula n'komwe za masupuni. Ankati mchere wotsina ndi zala zitatu, shuga wawo wa nzimbe wodzaza chikhatho, madzi theka la lita. Zala sungaziiwale pena pake, uli nazo. Chinanso, malipiro a ophunzitsawo ankatengera zimene amayi akumbukira, chifukwa pakapita nthawi ena ankabwera kudzawafunsa ndi kuona mmene akusakanizira. Akanati opanga mauthenga onse azilipidwa motero, theka la zimene timamvazi sizikanatuluka.

Ndiye achemwali amene mwafunsanu, sankhani chinthu chimodzi chimene mukufuna munthu achite, chimodzi chokha, muchinene koyambirira n'kuchibwereza kumapeto. Mayina a opereka ndalama apite uko. Musanauulutse, kamvetseni agogo kapena mwana wa sukulu kamodzi kokha, mawa lake mukawafunse. Akakuimbirani nyimbo osanena chochita, kayambireninso. Nambala ya foni musaike ngati palibe woyankha, chonde.

Zoopseza anthu musachulutse, munthu akachita mantha amangotseka wailesi. Komabe zizindikiro zoopsazo zitchuleni mosabisa, maso olowa aja ndi amene anandithamangitsa kupita kuchipatala. Nayo nyimbo musaisiye ayi, ikanimo ndithu, popanda iyo sindikanadziwa n'komwe kuti madzi amenewa aliko. Kungoti manambala a muyesowo akhale mu kolasi momwemo, pamene aliyense amayimba mokweza, ndipo ng'oma zizikhala chete akamawatchula.