Malipiro akangolowa kandege kayamba: yankho kwa achimwene a ku Area 25

Yabwera imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Area 25, dzina tilisunge. Amagwira ntchito ku Kanengo, ali ndi mkazi ndi mwana mmodzi. Alemba chonchi: "Chaka chilichonse pa 1 January ndimalumbira kuti basi, kubetcha ndi mowa ndasiya, ndiyambe kusunga ndalama ndigule kapuloti. Koma malipiro akangolowa ndimapezeka ndili pa bala ndi anzanga, foni m'manja kandege kakuuluka. Pofika pa 10 ndili kwa akatapila. Kodi anandilodza kapena ndine munthu wofooka basi?"

Achimwene, palibe anakulodzani. Komanso ine za kufooka mtimazo sindikuzivomera kwenikweni. Vuto ndi loti mumalumbira tsiku lolakwika. Pa 1 January ndani ali ndi ndalama? Khirisimasi yadya zonse, fizi ikudikira, kulumbira kuti ndasiya kubetcha tsiku limenelo nkosavuta chifukwa ngakhale mutafuna mulibe chobetchera. Nkhondo yanu yeniyeni imachitika tsiku limodzi pa mwezi, maola awiri atatu pakati pa meseji yoti ndalama zalowa ndi nthawi yomwe mwafika pakhomo. Ndiye m'malo mokonza chaka chonse tiyeni tikonze maola amenewo.

Koma kaye za kubetchazi, chifukwa ambiri mumati tsiku lina ndidzabweza zonse zomwe anandidya. Tiyerekeze mwaika magemu 10 pa tikiti imodzi, onse ooneka ngati odyeratu, tinene kuti gemu iliyonse mwayi woti ilowe ndi 70 pa 100. Mukachulukitsa mwayi umenewo ka 10 mutsala ndi pafupifupi 3 pa 100 basi. Nchifukwa chake nyimbo ya tsiku ndi tsiku ndi yoti "yandigwetsa timu imodzi", si tsoka ayi, masamu ake ndi omwewo, ndipo maodi (manambala ochulukitsira ndalama yanu mukawina) amene amakupatsaniwo amakhala atachotsapo kale phindu la kampani. Kandege, gemu ya pa foni yobetcha pa ndege yomwe imauluka mpaka kugwa mwadzidzidzi, ndiye kulibe ndi fomu ya timu yomwe yoti muwerenge, ndi kompyuta chabe, ndipo aja amagulitsa "ma signal" pa WhatsApp aja akanakhala kuti akudziwa pomwe kagwere sakanavutika nkukupemphani K5,000.

Tsopano tsiku la malipiro. Ndalama isagone pa foni. Airtel Money ndi Mpamba zatithandiza zedi, koma kwa munthu wa vuto lanuli ndiye kuti bala ndi shopu yobetchera zonse mukuyenda nazo m'thumba. Meseji ikangolowa, musanatuluke pageti pa ntchito, tumizani ya lendi kwa alandilodi, gulani mayunitsi a magetsi, lipirani madzi, ya thumba la chimanga ndi ndiwo tumizani kwa madamu. Pompo, osati mawa. Yotsalayo ikhale yochepa moti ngakhale mutaionongeratu mwana sagona ndi njala. Apu yobetcherayo ifufuteni, ndipo ngati kampani yomwe mumabetchako imalola kutseketsa akaunti tseketsani, musamati ndingoisiya ndione ngati ndingapirire.

Madamu auzeni. Ndikudziwa apa ndi pamene mufune kutseka foni, abambo ambiri tingalole kuuza bala yonse mavuto athu koma osati mkazi wa m'nyumba. Koma mukuganiza kuti sakudziwa? Amene amaona ndiwo zikusintha pakati pa mwezi kuchoka pa nyama kufika pa bonya ndi iwowo. Chomwe sakudziwa ndi kukula kwa ngongole basi. Khalani pansi, lembani papepala aliyense amene munakongolako ndalama, muyambe ndi wakatapila chifukwa ameneyo ndi amene chiwongoladzanja chake chimathamanga, ena amafuna theka pamwamba mwezi ukangotha.

Za njira yobwerera kunyumba, iyi anthu amaiseka koma imagwira. Ngati mumatsikira pa Nsungwi pomwe anzanu aja amakhala atakusungirani kale mpando, tsiku limenelo tsikirani siteji ina kapena kwerani kabaza mpaka pakhomo. Osakalowa kuti ndingowapatsa moni. Galu sumuika kulondera nyama nkumati tione ngati wasintha. Anzanuwo akunenani, azikuti akulamulidwa ndi mkazi, miyezi iwiri yokha kenako apeza wina wowagulira.

Nanga yosungayo muziika kuti? Apa ndinene zoona, kusunga kwacha mu kachitini masiku ano nkudzipweteka. Mu May 2022 ndalama yathu inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, amene ankasunga ya puloti nthawi imeneyo anangoona mitengo ikuthawa. Ndiye lowani banki mkhonde ya anthu odziwana bwino, ya kutchalitchi kapena ya kuntchito, kapena SACCO (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama) ngati kuntchito kwanu ilipo yoti azidula pa malipiro musanaione. Ubwino wa magulu amenewa si phindu lokha, ndi manyazi, tsiku losonkha likafika simungaime pamaso pa azimayi a m'dera nkunena kuti kandege kandidya. Kungoti musalowemo nkuyamba kubwereka sabata yoyamba yomweyo, tawaona ambiri banki mkhonde itawalanda sofa ndi malata.

Loweruka masana mupezepo chochita, apo ayi mubwerera. Mpira mumaukonda, pitani mukauonere ndi maso ku Bingu Stadium kapena ku Silver Stadium, mwanayo mumutenge, popanda tikiti ya kubetcha m'thumba. Poyamba uzikoma pang'ono, kenako muzolowera.

Mudzagwa mwezi wina, izi musakaike. Chomwe chimapha anthu ndi choti akadyedwa K20,000 amati basi zonse zaonongeka nkuponyamo ina K80,000 kuti abweze. Mukagwa uzani madamu usiku womwewo, malipiro otsatira dongosolo lomwe lija.

Chinthu chimodzi chomwe sindikufuna muchitengere masewera: ngati mowawo wafika poti m'mawa manja amanjenjemera mpaka mutamwako, musasiye mwadzidzidzi panokha, thupi likhoza kukomoka nazo. Komanso ngati ngongolezi zayamba kukupatsani maganizo ofuna kudzipha, musadikire malipiro ena. A St John of God ali konkuno ku Area 43, amathandiza anthu a vuto la mowa ndi la maganizo, pitani sabata ino, ndipo mutengane ndi m'bale wanu mmodzi amene mumamukhulupirira.